Vinyo Apume Kaye

Lolemba, 13 Novembala 2006

Nkhani yabwera pamodzi ndi tiyi wa m'mawa. Loweruka masana kubwera alendo asanu ndi atatu. Wamkulu wa onse ndi bwana wa Bwana ku banki komwe amagwira ntchito, mayi wa ku Falansa.

Mayi aima pakhomo la khitchini, foni ili m'manja. "Bambo, musavutike, ndiitana a kampani yophika. Inu mudzangothandiza mbale."

Mbale! Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuphikira banja lino, kuyambira ku Lilongwe mpaka kuno ku Falls Church, ku Amereka. Ana awo awiri akula ndi phala langa. Lero nditsuke mbale za anthu ovala zipewa za pepala?

Ndipo ndikudziwa mmene zimayendera. Kampani ikalowa m'khitchini kamodzi, imalowanso. Kachitatu wophika wakale amamugulira tikiti ya ndege. Pepala londilola kukhala m'dziko muno likunena kuti ndine wophika wa nyumba ino. Khitchini likapita, pepala lapita.

Ndapempha, manja kumbuyo. Mayi akuti vuto si kuphika, vuto ndi vinyo. Bwana aitanitsa vinyo wa kwawo kwa mlendoyo, wofiira, wopepuka, wa chaka chino chomwe. Dzina lake Bojole. Amatuluka Lachinayi lino, tsiku limodzi dziko lonse. Chakudya chiyenera kugwirizana naye.

"Inu simumwa, Bambo. Mudziwa bwanji?"

Ndayankha kuti ndidziwa. Iwo: "Chabwino. Koma mukalakwitsa, ulendo wina sindidzafunsanso."

Ndapambana! Tsiku loyamba, kampani yatsala panja.

Kumwa sindimwa ndithu. Ndine Msilamu, dontho silinadutsepo pakhosi panga. Koma nkhoswe sakwatira yekha, amangokwatitsa. Ntchito yanga ndi kupezera vinyoyu mkazi woyenera.

Ofunsiridwa:
1. Mbuzi ya kambuzi.
2. Nsomba yokazinga (ya kuno, yodzitcha chambo).
3. Nkhuku yootcha.
4. Bowa wa anyezi.

Zofunika:
Lilime lobwereka.
Kope ili.
Mtima m'malo.

Mayi andipatsa botolo limodzi la mtundu womwewo, lotsala chaka chatha, kuti ndiyesere. "Ameneyu wakalamba, alibenso ntchito." Chaka chimodzi, wakalamba kale! Ine wa zaka makumi asanu ndi ziwiri ndangolandira botolo.

Lachiwiri, 14 Novembala

Lilime lapezeka. A Tembo, dalaivala wa nyumba yachitatu kuchokera pano, munthu wa ku Lusaka. Lero sali pa ntchito, abwera wapansi, avala tayi. Ndawauza kuti ndi mayeso, si phwando. Akuti akumvetsa.

Dongosolo langa: mbale zinayi, iliyonse ndi nambala. Adye supuni imodzi, amwe pang'ono, anene, atsuke m'kamwa ndi madzi. Ine ndilemba.

Chotsegulira botolo ndi kachitsulo kopota ngati mchira wa nkhumba. Masiku onse amatsegula ndi Bwana. Chitsekero chaduka pakati. Theka lagwera m'kati. Ndasefa ndi sefa ya tiyi. Bwino kuti zachitika lero, osati Loweruka!

Zotsatira:

Nambala 1, mbuzi. A Tembo atsinzina. "Awe mudala, apa vamenyana. Mukamwa muli monga nadya msomali." Tsabola ndi vinyoyu sagonera nyumba imodzi. Mbuzi yatuluka.

Nambala 2, nsomba. "Yanunkha chitini." Nsomba yatuluka.

Nambala 3, nkhuku. "Iyi ili che bwino."

Nambala 4, bowa. "Iyi ili bwino maningi."

Mpaka apa mayeso ndi oona. Kenako a Tembo akana madzi otsukira m'kamwa, akuti akuwasokoneza. Ayesa vinyoyu ndi mpunga wa dzulo: bwino. Ndi bisiketi: bwino. Ndi chipatso cha pulasitiki cha pa tebulo atsala pang'ono. Abwereranso ku mbuzi ija, akuti anailakwira, ipatsidwe mwayi wina. "Manje thirani futi, mudala, nione bwino."

Botolo latha folo koloko isanakwane. Aimba nyimbo imodzi ya kutchalitchi kwawo. Ndawaperekeza mpaka pa geti lawo, tayi ili m'thumba.

Ndajambula mzere pansi pa nambala 4. Zonse za pansi pa mzerewo sizowerengedwa.

Ofunsiridwa atsala awiri mwa anayi. Si kugonja kumeneku, ndi kusefa. Ndapambana!

Chondidetsa nkhawa: ameneyu anali wa chaka chatha. Nanga wa chaka chino akadzabwera ndi khalidwe lina?

Lachitatu, 15 Novembala

Ndakwera basi kupita ku Seven Corners, ku sitolo ya vinyo, kukafunsa eni ake.

Mphindi khumi ndili panja, ndikuyang'ana mitengo ya nsapato pa sitolo yoyandikana. Kuno kumadutsa anthu a ku mzikiti kwathu. Chipewa changa ndapinda, ndaika m'thumba. Ndalowa cham'mbali ngati nkhanu.

Mwini sitolo ndi mzungu wa ndevu, waulemu. Ndamuonetsa pepala lomwe Mayi analembapo dzina la vinyo. Wasangalala ngati ndatchula mwana wake. Wayankhula, wayankhula, manja m'mwamba, mphuno m'tambula yopanda kanthu. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6 ndi cha m'khitchini. Chake chikuthamanga ngati sitima ya pansi. Ndagwira mawu atatu, ndawalemba pomwepo:

Chikeni.
Banana.
Kuulu.

Chikeni: nkhuku. A Tembo sananame.

Banana: akuti vinyoyu amanunkhira nthochi. Ndiye m'bale wake ndi nthochi! Nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, monga amaphikira a ku Karonga. Palibe wa kampani angaganize zimenezi. Wofunsiridwa watsopano walowa.

Kuulu: ili wabwereza katatu, chala m'mwamba. Popereka, kuulu. Mawu amenewa ndimawadziwa bwino, ana a Bwana amawanena tsiku lonse. Nsapato zatsopano, kuulu. Mayeso akhoza, kuulu. Munthu wosatekeseka, kuulu. Ndiye tanthauzo lake: vinyoyu aperekedwe modekha, nkhope yosalala, dzanja losanjenjemera.

Ndamutsimikizira kuti ndidzakhala kuulu. Waseka, wandigwira chanza. Anthu a ntchito timamvana.

Nthochi zaziwisi ndazipeza pa sitolo ya anthu a ku Spanishi, zazikulu ngati mkono wa mwana. Ndagula zisanu ndi zitatu.

Madzulo ndayeserera nkhope pa galasi la m'bafa. Nsidze zikukwera zokha. Ndizigonjetsa.

Lachinayi, 16 Novembala

WAFIKA!

Katoni imodzi, mabotolo asanu ndi limodzi. Mapepala ake a maluwa ngati chitenje. Ndaimika limodzi pa windo: kufiira kwake kowala, kuwala kumadutsa, ngati madzi a chidede. Wopepuka ndithu.

Mayi akutuluka, makiyi pakamwa, chikwama paphewa. Atembenuka pa khomo: "Bambo, chinthu chimodzi musaiwale. Asanamwedwe, apume kaye."

Apume. Ndalemba ndi zilembo zazikulu.

Ndipo n'zomveka. Wachokera ku Falansa pa ndege. Ine nditafika kuno ndinagona masiku awiri, miyendo itatupa. Nanga iye, wobadwa chaka chino?

Malo opumira, ndaganizira mofatsa:

Khitchini: phokoso, fungo la anyezi. Ayi.
Galaja: kuzizira ngati ku Dedza mu Juni. Mlendo sagonekedwa kotero. Ayi.
Chipinda changa: ndimaswaliramo. Ayi ndithu.
Kachipinda ka pansi komwe kuli makina otenthetsera nyumba: kamdima, kachete, kofunda usana ndi usiku. Eya!

Ndayala pilo pa shelefu, pafupi ndi paipi yotentha. Ndawagoneka onse asanu ndi mmodzi, mitu mbali imodzi. Ndawafunditsa bulangete langa la kumudzi, lija lolemera. Pachitseko ndamata pepala: OSATSEGULA.

Ndakawaona katatu: teni koloko, wani koloko, folo koloko. Ali phee.

Masiku awiri athunthu opuma. Kampani ikanamupatsa mphindi zingati? Akanangomutsitsa m'galimoto n'kumuthira. Kusamala sikugulidwa.

Lero ndiye ndapambana kwenikweni.

Lachisanu, 17 Novembala

M'mawa ndakawaona. Afunda bwino, ngati mazira a nkhuku yofungatira. Mmodzi chitsekero chake chatukuka pang'ono, ndipo pa pilo pali kadontho kofiira. Wapuma mpaka thukuta! Komabe wodontha sapita pa tebulo la alendo. Ndamuika pambali. Atsala asanu. Asanu akwana, anthu ake ndi a ulemu, si a Tembo.

Nthochi. Ndaphika pang'ono kuti Mayi alawe asanapite ku ntchito. Alawa, atseka maso, amaliza mbale yonse. Kenako: "Zokoma, Bambo, zandikumbutsa kwa agogo. Koma Loweruka ayi."

Ndafotokoza za mzungu wa ndevu. Akuti kununkhira nthochi si kufuna nthochi. Sindikumvetsa, koma nthochi zatuluka. Zatsala zisanu ndi chimodzi, ndidya ndekha mpaka Lachiwiri.

Otsala: nkhuku, bowa. Ndawonjeza mbatata ya kachewere yootcha kuti tebulo lisaoneke lamasiye. Tsabola ayi, ngakhale kambewu kamodzi. Mchere, adyo, batala, timasamba tonunkhira. Dzanja likufuna kuthira kambuzi lokha, ndabisa botolo lake pamwamba pa kabati.

Masana ku mzikiti. Ndapempha zambiri, zina sindingalembe. Potuluka a Che Yusufu, amene amayendetsa takisi, andigwira mkono: "Lachitatu ndinakuonani ku Seven Corners, mumagula nsapato?" Ndati ndimangoona mitengo. Si bodza, mitengo ndinaiona.

Nkhuku zitatu ndagula ku butchala yathu ya halali. Zonona, za khungu loyera. Zagona mu mchere ndi adyo.

Madzulo, kuyeserera kuthira. Botolo lopanda kanthu la a Tembo, ndadzazamo tiyi wozizira. Malamulo a Mayi:

Kuyamba ndi mlendo wamkulu.
Kuima kudzanja lake lamanja.
Pomaliza kupotoza dzanja kuti lisadonthe.
Tambula isadzaze, ngakhale theka isafike.

Lomalizali landivuta. Kwathu ukathirira mlendo chakumwa chosafika pakamwa pa kapu, mawa mudzi wonse udziwa kuti m'nyumba mwako mwalowa njala. Ndafunsa kawiri. Mayi akuti malo otsalawo ndi a mphuno. Tambula yaikulu chonchi, mphuno itenge mbali yaikulu, pakamwa patsale pang'ono! Chabwino. Ndathira maulendo makumi atatu. Nsalu ya pa tebulo yadontheredwa kawiri kokha.

Nkhope: nsidze yakumanzere yagonja. Yakumanja ikulimbabe.

Mawa!

Loweruka, 18 Novembala

6:00. Ndadzuka. Malaya oyera asitidwa. Alendo wani koloko.

9:30. Bowa wadulidwa, mbatata yasendedwa. Bwana atenga galimoto, apita kukagula maluwa ndi buledi.

11:00. Nkhuku zalowa mu uvuni. Zonse pa nthawi yake.

11:35. Mayi atsegula furiji, ayang'ana, atseka. "Bambo, vinyo ali kuti?"

Ndawatsogolera pansi monyadira. Ndachotsa pepala pa chitseko. Ndavundukula bulangete.

Mayi agwira botolo. Alisiya msanga. Akhala pa masitepe, diresi la phwando lili m'thupi.

"Bambo. Mwamuphika."

Ndati anati apume.

"Kupuma mpweya, Bambo! Kutsegula chitsekero, mphindi zochepa asanamwedwe! Osati kugona ngati wodwala malungo! Vinyo ameneyu amamwedwa wozizirira!"

Wozizirira. Kuulu. Mzungu wa ndevu, chala m'mwamba, katatu konse.

Mayi akuyang'ana foni yawo, ndipo ndikudziwa nambala imene akuiganiza.

11:45. Furiji yadzaza ndi saladi ndi pudini, ndipo imachedwa. Mayi akuti tiike mu firiza. Ndakana: botolo lotentha mu firiza ndinaliona likuphulika. Ayezi alipo timathireyi tiwiri tokha. Galimoto palibe.

Ndafunsa funso limodzi: wozizira motani? "Osati ngati ayezi. Ngati madzi a mumtsuko m'mawa."

Madzi a mumtsuko! Akanatero Lolemba! Ndati, Mayi, ndipatseni ola limodzi, pitani mukadzole.

11:50. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa resitihausi ina ku Ntcheu. Furiji ya parafini inkafa sabata iliyonse. Zakumwa tinkazikulunga m'chiguduli chonyowa n'kuzipachika pa mphepo. Kuno chiguduli kulibe. Koma m'basiketi ya zochapa muli masokosi a Bwana, aatali, a ubweya, ochapa dzulo.

Mabotolo asanu, masokosi asanu. Poyamba ndawamiza m'ndowa ya madzi a pampopi ndi ayezi uja. Kenako aliyense m'sokosi yake yonyowa, chingwe pakhosi, pa nthambi ya mtengo wa kuseri. Mphepo ya Novembala ikuwomba yoluma makutu. Dzana ndinkaitukwana. Lero ndi m'bale wanga.

12:10. Ndikuthamanga: uvuni, mtengo, uvuni, mtengo. Kuthira msuzi pa nkhuku, kuthira madzi pa masokosi. Mayi woyandikana nafe waima pa khonde lake ndi galu, onse awiri akuyang'ana. Ndamuweyulira dzanja. Nkhope yosalala.

12:25. Bwana afika ndi maluwa. Aona mtengo. Atsegula pakamwa. Mayi awakokera m'nyumba.

12:40. Kulawa sindingathe, koma tsaya ndili nalo. Ana a nyumba ino mkaka wawo ndinkauyesa pa tsaya. Botolo pa tsaya: mtsuko wa masana. Ayi, pang'ono.

12:55. Mtsuko wa m'mawa! Ndawavula, ndawapukuta. Zitsekero zitatu zatuluka zathunthu, chimodzichimodzi, popanda sefa. Tsopano apume kupuma kwawo kuja. Ndatchera khutu pakamwa pa botolo. Sindikumva kanthu. Kaya.

1:20. Akhala pa tebulo. Mlendo wamkulu ndi mayi wamfupi wa imvi, magalasi pa chingwe. Ndaima kudzanja lake lamanja. Ndathira, osafika theka. Ndapotoza dzanja. Dontho palibe!

Wazunguza tambula. Walowetsa mphuno yonse. Malo aja ndi a mphuno ndithu. Wamwa. Mayi asiya kupuma, kupuma kwa mpweya.

Kenako mlendo wayang'ana ine, osati Bwana, ine, wanena mawu angapo. Ndagwirapo limodzi.

Kuulu.

Sindikudziwa kuti akunena kuulu uti, wa vinyo kapena wa nkhope yanga. Onse awiri ndi anga!

2:30. Nkhuku wawonjezera kawiri. Msuzi wa bowa waupukuta ndi buledi mpaka mbale kuwala. Bambo wina wa ku Zambia wafunsa Mayi kuti ndi kampani iti yaphika. Mayi aloza ine ndi foloko: "Kampani yathu ndi iyo."

Ndalowa m'khitchini, ndatseka chitseko, ndavina pang'ono ndi thaulo. Bondo lalira. Zilibe kanthu.

NDAPAMBANA!

Lamulungu, 19 Novembala

Thupi lonse likuwawa. Khutu lakumanja latsekeka ndi mphepo ya dzulo.

Mayi atsika asanapite ku tchalitchi. "Bambo, mwagwira ntchito. Tsopano mupume."

Mawu amenewa andipweteka kale sabata ino, ndipo ali ndi tanthauzo lachitatu, lija la tikiti ya ndege. Ulendo uno sindinalembe m'kope. Ndafunsa pomwepo: kupuma kwake kuti, Mayi?

Aseka mpaka kugwira chitseko. "Kwa lero lokha! Mawa tiyi sikisi koloko."

Ndiye zagamulidwa motere, Bwana ali pomwepo:

Khitchini ndi langa. Za kampani zatha.
Vinyo si wanga. Kuyambira lero amasunga ndi Bwana, amatsegula ndi Bwana, amathira ndi Bwana.
Masokosi a Bwana ndisawakhudzenso.

Ndati ndamva. Maulendo makumi atatu oyeserera kupotoza dzanja, ntchito yake tsiku limodzi.

Nkhani yafika kale ku tchalitchi kwa Mayi. Foni yalira kawiri masana, amayi ena akufuna kumva ngati n'zoona za bulangete. Ndikumva kuseka kuchokera pansi pano. Pofika Khirisimasi idzakhala itafika ku Lilongwe, bulangete litasanduka awiri.

Ndafunsa aliyense kuti vinyoyu amakoma bwanji, kuti ndilembe, nkhani itsekedwe.

Bwana: ngati zipatso zofiira, koma kutentha kuja kunamufooketsa pang'ono.
Mayi: wowawasa, iwo amakonda woyera.
A Tembo, amene ndawapatsa wodontha uja: "Ili che bwino." Koma iwo ndi bisiketi yomwe anati bwino.

Anthu atatu, mayankho atatu. Ndamugoneka, ndamudzutsa, ndamuveka, ndamuvula, ndamupezera mkazi, ukwati wayenda. Kukoma kwake sindidzakudziwa mpaka kufa.

Basi. Mawa nyemba. Nyemba ndimalawa ndekha.